Mutu 6: Maliro Opanda Otunga Madzi

1. Kawailesi kodya tepi

M'chaka cha 1986, aliyense amene wailesi yake yafa m'tauni ya Mangochi ankadziwa kopita: kwa a Blackson, kuseri kwa msika. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma anakhalitsa pakati pa Ayao mpaka ana ankangowaitana kuti Che Waya. Kashopu kawo kanayang'anizana ndi mtengo wa mango pamene abambo ankasewerera bawo.

Mmodzi wa osasowa pa bawopo anali Che Sumani, bambo ake a mtsikana wina dzina lake Esime. Anali wamalonda a nsomba zouma, munthu wofatsa, wa chifuwa chosatha chimene anachitenga ku utsi wowambira nsomba. Kulikonse ankayenda ndi kachikwama kansalu kamene ankati n'kosungiramo mankhwala awo.

Tsiku lina kwa a Blackson kunafika amuna awiri ovala masuti, dzuwa la Mangochi likuswa mtengo. Anatulutsa kawailesi kakang'ono kojambulira mawu.

"Kakudya tepi aka," anatero mmodzi. "Mukonze, koma zam'katimo musamvetsere. Ndi katundu wa boma."

Nanga mmisiri angadziwe bwanji kuti chinthu chakonzeka osachiyesa? Atamaliza ntchito, a Blackson anadina batani. Anamva nkhomo zikugwa m'maenje a bawo. Anamva kuseka. Kenaka anamva mawu a anansi awo, wina akudandaula zoumirizidwa kugula khadi la chipani, wina akufunsa kumene kunapita mphunzitsi wina amene anasowa. Anazindikira kuti awiri mwa olankhulawo anali atatengedwa kale ndi galimoto yopanda nambala.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti n'kudzaza pansi pa mango paja, a Blackson anatseka shopu, naimirira pakati pawo.

"Abale anga, pansi pa mtengo uno pali khutu," anatero mokweza. "Zimene mumalankhula pano zimajambulidwa n'kupita ku boma. Ndazimva ndekha. Amene amanyamula kawailesiko ndi mmodzi wa inu, koma dzina lake sinditchula. Samalani pakamwa panu."

M'mawa mwake galimoto ija inabwera kudzawatenga. Kunyumba anasiya mkazi wawo, mai Enelesi, ndi mwana wamng'ono dzina lake Jeremiya.

2. Mkangano wa pampopi

Kuyambira pamenepo tauni inagawikana pawiri. Masiku amenewo mkangano wotere sunkamveka pawailesi kapena kulembedwa m'nyuzipepala. Unkachitika monong'ona, pampopi, pachigayo, kapena m'njira yopita kudimba, munthu akuyang'ana uku ndi uku.

Esime anali mtsikana wa Fomu 2, woyamba m'banja lawo lonse kufika ku sekondale. Mayeso a JC anali pafupi. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankatunga madzi, ndipo pampopipo ndi pamene anamva akuluakulu akutsutsana.

"Munthu uja watilakwira," anatero mai Janeth, mkazi wa kalaliki wina. "Anapatsidwa ntchito yokonza wailesi, osati yokonza dziko. Boma limamvetsera kuti litigwirire zigawenga. Nkhondo ili pa Mozambiki pompa, mukufuna ilowe kuno? Taonani tsopano, bawo yatha, anthu sakupatsananso moni bwinobwino, aliyense akukayikira mnzake. Tinali pamtendere tisanadziwe!"

Abiti Atumani, mayi wachikulire wogulitsa zitumbuwa, anatula ndowa yawo pansi.

"Mtendere wake uti, mai inu? Mlamu wanga anatengedwa chifukwa chodandaula mtengo wa khadi. Ameneyo ndi chigawenga? Tinkati mwina waloza wina, mwina ndi tsoka. Che Waya atitsegula maso. Akanakhala chete, lero amuna anu omwewo akanakhala m'kasetimo."

"Nanga bwanji sanamutchule munthuyo? Kuulula kwa theka n'kwa chiyani? Watisiya tikuopana tokhatokha."

"Akanamutchula, nyumba ya wina ikanapsa tsiku lomwelo."

"Ndiye akanangotseka pakamwa! Mkazi wake lero akudya chiyani? Ungwazi?"

Pamenepo mtsikana wina wachilendo anafika ndi chigubu. Onse anangoti zii, nayamba kukamba za kutentha kwa dzuwa.

Kusukulu nako nkhaniyo inafika. Ahedi, a Gilford, anaimirira pa asembule nkhope ili gwa.

"Ana inu, tcherani khutu, chifukwa sindibwereza. Munthu amene waulula chinsinsi cha boma ndi woukira. Nyumba yake si yopondako mwana wa sukulu ino. Ndauzidwa kuti amene adzaonedwe kumeneko, dzina lake lidzafafanizidwe, ndipo mayeso sadzalemba, kuno kapena kwina kulikonse. Musaganize kuti sindikukukondani. Makolo anu anagulitsa mbuzi kuti mukhale pano. Inu ntchito yanu ndi buku. Zina zonsezi zisiyireni eni ake."

3. Kulira kwa munthu mmodzi

Patapita milungu ingapo, Jeremiya anadwala malungo. Mai Enelesi anamubereka okha kupita naye kuchipatala, nabwera naye okha. Loweruka m'mawa, m'nyumba mwawo munamveka kulira kwa maliro.

Kuno kwathu maliro sasankha chipembedzo. Kulira kukangomveka, amayi oyandikana amathamanga ndi ndowa za madzi, ena ndi nkhuni, ena ndi ufa m'mbale. Msilamu akafa, Akhristu amatunga madzi. Mkhristu akafa, Asilamu amatunga madzi. Nyumba ya maliro siyenera kukhala ndi mbiya youma, ndipo namfedwa sapita yekha kumpopi.

Koma tsiku limenelo, abale inu, zinali zochititsa manyazi. Dzuwa linakwera, kulira kukumveka kwa munthu mmodzi yekha. Zitseko za anansi zinali zotsegula pang'ono, maso akusuzumira, koma phazi lotuluka panalibe. Pamphambano panakhala anyamata awiri a chipani pa benchi, akuyang'ana amene angalowe.

Esime anatenga ndowa. Mayi ake, Abiti Uladi, anamugwira mkono.

"Ukupita kuti?"

"Kumpopi, amayi. Kenaka kwa mai Enelesi."

"Mayo ine! Bambo a Esime, tabwerani mudzamve mwana wanu!"

Che Sumani anatuluka akukhosomola. Anakhala pa mpando, nauza Esime kuti akhale pamphasa. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, maso ali pansi.

"Mwanangu, mtima wako ndi wabwino, ndipo ine ndimanyada nawo. Koma dziko lino si la mitima yabwino. Iwe boma sukulidziwa. Ine ndikulidziwa. Chaka chatha, atandigwira m'njira ya ku malire a Chiponde ndikuzembetsa matumba a shuga aja, ndinagona m'chitolokosi. Zimene ndinaona m'menemo sindinauzepo ngakhale mayi akowa. Munthu amalowa ali wamkulu, n'kutuluka akuvomera chilichonse. Anzanga amene ndinagwidwa nawo sanabwerebe mpaka lero. Ine ndinatuluka chifukwa cha chifundo cha Mulungu basi.

"Tamvera. Mayi ako sadziwa kulemba dzina lawo. Ine ndinalekezera Sitandade 3. Anthu ankandiseka kuti ndikutaya chuma pophunzitsa mwana wamkazi, kuti ndikanangokukwatitsa. Ndinapirira. Chilichonse chimene ndachita pa moyo wanga, chabwino ndi choipa chomwe, ndachitira sukulu yakoyi. Che Waya anasankha njira yawo, ndipo taona kumene yawafikitsa. Anayesa kupulumutsa anthu, anthuwo lero ali kuti? Atseka zitseko. Ukapita kumeneko, mwanayo sadzuka. Koma iwe mayeso sudzalemba, ndipo udzakalamba ukuwamba nsomba ngati ine. Ndakupempha, bweza ndowayo."

Esime anafunsa mwaulemu.

"Ababa, mchimwene wanga uja atamwalira, anayamba kufika ndi madzi pakhomo pano ndani?"

Anayankha ndi Abiti Uladi, misozi ili m'maso.

"Anali mai Enelesi. Anabwereka mpango kwa ine kuti afunde kumutu monga ife."

"Ndiye ine ndikungobweza ndowa yawo, amayi."

Ananyamuka. Bambo ake anamuitana kawiri, koma chifuwa chinawatsamwitsa.

4. Ndowa ziwiri

Pampopi Esime anapeza mnzake wa m'kalasi, Lonely, mwana wa mai Janeth aja. Awiriwa ankakhala desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Lonely anali woseka, wokonda kucheza, ndipo ankafuna kudzakhala namwino.

"Iwe, nkhope imeneyo bwanji? Wakanidwa ndi ndani?" anatero Lonely.

"Ndikupita kumaliro."

Kuseka kwa Lonely kunatha. "Wapenga? Sunamve ahedi?"

"Ndinamva. Iwe usabwere. Pita kwanu."

Esime anasenza ndowa, nalowa mumsewu waukulu, masanasana, aliyense akuona. Akanatha kudzera kuseri kwa mipanda, koma madzi a maliro salowera kuseri ngati katundu wakuba. Atafika pamphambano, mmodzi wa anyamata a pa benchi anamuitana.

"Iwe mtsikana! Madziwo ndi a kuti?"

"Ndi a kumaliro, achimwene."

"Ukudziwa kuti ndi nyumba ya ndani?"

"Ndi nyumba imene mwafa mwana."

"Dzina lako?"

"Esime Sumani."

Anyamatawo anangoyang'anizana. Esime anapitiriza ulendo, madzi akutayikira pamapewa. Atayenda pang'ono, anamva mawu ena kumbuyo kwake.

"Ine ndine Lonely Macloud. Musavutike kufunsa."

Anacheuka. Lonely anali pambuyo pake, ndowa ili pamutu.

"Ndinakuuza kuti upite kwanu!"

"Ndowa imodzi ingasambitse mwana n'kuphikira anthu? Masamu umakhoza aja ndi ati? Tiye."

Anathira madziwo mumbiya, nabwerera kumpopi. Ulendo wachiwiri, anapeza Abiti Atumani akutula mtolo wa nkhuni pabwalo, akudzilankhulira mwaukali.

"Asa! Mpaka ana atiphunzitse ulemu? Ife akuluakulu tatha ntchito."

Manyazi ali ndi mphamvu. Chitseko chimodzi chinatseguka, kenaka china. Kunabwera amayi a mpingo ochepa, nayamba nyimbo ndi mawu onjenjemera. Kunabwera akalipentala ndi kabokosi pa njinga. Amuna ena ovala zikofia anatenga makasu n'kutsogola kumanda osalankhula ndi munthu. Sanali ambiri, ayi. Ambiri anakhalabe m'nyumba zawo. Koma Jeremiya anasambitsidwa, anaimbiridwa, naikidwa monga mwana wa munthu.

5. Mawu a namfedwa

Atabwerako kumanda, Esime analowa m'nyumba kukatsanzika. Mai Enelesi anali atakhala pamphasa, mawu atasasa ndi kulira. Anamugwira dzanja, namukhazika pafupi.

"Mwanangu, wataya sukulu yako chifukwa cha ine."

"Sindinataye kanthu, amayi."

"Usandinamize, zimene ananena ahedi ndinazimva. Tamvera, ndikuuze. Anthu akuti amuna anga ndi ngwazi, ena akuti ndi chitsiru. Ine amene ndinkawaphikira sindikudziwa kuti ndinene chiyani. Lero m'mawa ndinawakwiyira kwambiri. Ndinati, bambo inu, mukanakhala chete, bwenzi muli pano, bwenzi mutathamanga naye mwanayu pa njinga nthawi ikadalipo. Koma ndikakumbukira nkhope yawo tsiku anamva kaseti ija, ndimadziwa kuti sakanatha. Chakudya chinawakanika. Ankati, 'Enelesi, ndizikonza makutu oti azimangitsa anzanga, ine n'kumadyera pomwepo?' Choonadi n'chodula, mwanangu, ndipo wolipira si wonena yekha. Timalipira ndife otsala."

"Nanga munthu wonyamula kawailesiyo ankamudziwa?" anafunsa Esime.

"Ankamudziwa. Anati pa ntchito yawo, chimene chili pafupi ndi makina ndicho chimamveka kwambiri. Mawu a anthu onse ankamveka chapatali, koma panali munthu mmodzi amene sankalankhula, ankangokhosomola. Chifuwa chakecho chinkamveka ngati ali m'khutu mwako. Ndinawakakamiza kuti anditchulire. Anakana. Anati, 'Munthuyo si woipa, anachita kumuthyola. Ndipo ali ndi mwana wanzeru kusukulu. Ndikamutchula, ndapha tsogolo la mwanayo.' Dzinalo anapita nalo."

Pomwepo amayi ena analowa kudzapepesa, ndipo Esime anatuluka. Anadziuza mumtima kuti pa bawo paja pankakhala amuna ambiri, osuta fodya ndi okalamba omwe. Okhosomola anali ochuluka.

6. Lolemba

Lolemba m'mawa Esime anachapa kolala ya yunifomu, napita kusukulu atakonzeka kubwezedwa. Panjira iye ndi Lonely anagwirana manja.

"Akatichotsa tidzatsegula kantini," anatero Lonely, akuyesa kuseka. "Iwe wophika, ine wolandira alendo."

Asembule itatha, onse awiri anaitanidwa ku ofesi. A Gilford anali atatopa nkhope ngati munthu amene sanagone. Anayamba ndi Lonely.

"Lonely Macloud, ndinachenjeza. Siya mabuku a sukulu patebulopo. Bambo akonso asamutsidwa ntchito, apita ku Namwera. Pepa, mwanangu. Si ine."

Lonely anaika mabukuwo limodzilimodzi. Sanalire mpaka atafika pakhomo. Esime nayenso anayamba kutulutsa ake.

"Iwe ukutani?" anafunsa ahedi. "Bwerera m'kalasi."

"Sala, ndinayamba ndine. Lonely anangonditsatira. Dzina langa ndinawapatsa ndekha anyamata aja."

"Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji mukuchotsa iye yekha?"

A Gilford anadzuka, natseka chitseko. Anavula magalasi, nalankhula motsitsa kwambiri.

"Esime, pali mafunso amene mwana wanzeru safunsa. Amene anabwera kuno m'mawa anatchula maina awiri, kenaka anati limodzilo ndilisiye, mwini wake ndi munthu wawo. Ine sindinafunse zambiri, ndipo iwenso usafunse. Lemba mayeso ako, ukhoze, uchoke m'tauni muno. Ukafika kwanu ukathokoze bambo ako."

Tsiku lonse Esime anakhala yekha pa desiki ya anthu awiri. Aphunzitsi analemba masamu pabolodi, iye osaona kanthu. Anzake ankamuyang'ana cham'mbali, ndipo pa nthawi yopuma palibe amene anakhala naye pafupi. Sukulu imene ankaopa kuitaya inali ikadali yake, koma inkamuwawa kuposa kuchotsedwa.

Ataweruka anadzera kwa a Lonely. Katundu anali kale panja. Mai Janeth atamuona anaimirira pakhomo.

"Wabwera kudzaona ntchito yako? Ndinanena ine pampopi paja kuti zoulula ululazi zimapweteka osalakwa. Mwana wanga watha, iwe uli mu yunifomu. Tandiuza, unadya mankhwala anji kuti iwe usakhudzidwe? Choka!"

Esime anatembenuka. Anayenda ulendo wa kwawo mutu uli pansi.

Anapeza bambo ake atakhala pakhonde, kachikwama kansalu kali pambali pawo. Atamuona ali ndi mabuku ake onse, nkhope yawo inamasuka. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Alihamudulilahi," anatero. "Sanakuchotse. Bwera, khala apa, mwanangu."

Esime anagwada, nakhala pamphasa. Che Sumani anakhosomola, chifuwa chija chouma chimene Esime anakula akuchimva m'mawa ndi madzulo, chimene ankachizindikira ngakhale bambo ake ali kutsidya kwa msika. Lero anachimva ngati koyamba. Anayang'ana bambo ake, nayang'ana kachikwamako. Anakumbukira kuti chibadwire sanaonepo botolo la mankhwala likutuluka m'menemo.

"Zatha bwino, tithokoze Mulungu," anapitiriza Che Sumani, osamuyang'ana m'maso. "Koma anthu akakuchitira chifundo, nawonso amafuna kanthu. Dzana unakhala nthawi yaitali m'nyumba ndi mai Enelesi."

Anakokera kachikwamako pakati pa iwo ndi mwana wawo. Dzanja lawo linalowa m'katimo, ndipo Esime anamva kabatani kakulira kuti tcha.

"Tandiuza, mwanangu," anatero bambo ake, misozi ikutsika m'masaya. "Anakuuza zotani?"